Chigoba cha Pakhoma la Kazino

Hotela ija ndinaidziwa isanakhale hotela. Panali misasa ya asodzi a kapenta m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, ndi fungo la nsomba lomwe linkakulonjera uli kutali. Kenako kunabwera mzungu wina n'kumanga tinyumba taudzu togona alendo okonda kuwedza, ndipo ine, wothawa khasu kwathu ku Mualadzi, ndinalembedwa ntchito yosamala kapinga. Khasu ndinkathawalo ndinakalipezanso komweko.

Mzunguyo atagulitsa malowo, patarau watsopano, bwana amene anawagula, anagwetsa tinyumbato, n'kumanga nyumba yosanja ndi chipinda chachikulu cha juga chimene ankati kazino. Ogwira ntchito m'katimo ankavala malaya oyera, osapsa ndi dzuwa. Ndinkawasirira mpaka mtima kuwawa.

Tsiku lina patarau anatisonkhanitsa ife a kunja. Anati khoma la kazino likufuna chigoba cha gule wamkulu, osati zosema zogulitsa m'misewu, koma chenicheni, chomwe chinavinapo pabwalo. Wobweretsa adzalowa m'kati. Anzanga anayang'ana pansi. Koma ine maganizo anali atafika kale kumudzi.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo ankasunga zigoba ndi zina za kudambwe kwathu. Ndi iwonso anandiperekeza pogula njira, tsiku lomwe ndinalumbira kuti za kumeneko sizituluka. Sindilemba pano pomwe zinkakhala. Ndingoti ndinkapadziwa chifukwa iwo anandikhulupirira.

Ndinapita kumudzi nthawi yopalira chimanga. Masana ena, anthu onse ali kumunda, ndinalowa m'thengo, ndinatenga chigoba chofiira chamano otuluka, n'kuchikulunga m'thumba. M'shapa, minibasi ya kuno, ndinachifungatira pamiyendo ulendo wonse. Sabata yotsatira ndinali m'malaya oyera, ndikuperekera zakumwa pansi pa chigobacho. Alendo ankadzijambula nacho, ena kuchisisita pamphuno asanaponye njuga, akazi ndi amuna omwe. Poyamba ndinkaopa. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinazolowera.

Kumudzi anthu atazindikira kuti chigoba chasowa, mlandu unagwera wosunga. Kunamveka kuti amalume anachigulitsa kwa amalonda odutsa pa malire a Cassacatiza. Anawaletsa kupondanso kudambwe, ndi ng'oma yomwe anaimba kuyambira ubwana wawo anawalanda. Amayi anandiuza zimenezi patelefoni akulira. Ndinati pepani.

Nditapitako nthawi yokolola ndinawapeza amalume akumata tayala la njinga pakhonde. Kuseri kwa phiri ng'oma zinkalira, kunali chiliza cha munthu wina, ndipo amuna onse a m'mudzi anali komweko kupatula iwo.

"Wafika, mphwanga? Ndamva masiku ano ukugwira m'kati."

"Eya, amalume."

"Unachita mwayi. Anakusankha bwanji pakati pa anthu onsewo?"

Anafunsa maso ali patayala. Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa. Mawu anafika pakhosi, ndithu anafika, koma ndinayankha kuti patarau anangondikonda. Iwo anagwedeza mutu, n'kundipempha kuti ndiwagwirire pampu.

Ndinkadzinamiza kuti ndidzachibweza. Chaka chino ayi, chamawa, ndikapeza ntchito kwina. Zaka zinapita. Matenda aja otseketsa malire atabwera alendo anasowa, matebulo a juga anafunditsidwa nsalu, ndipo hotela inagulitsidwanso kwa anthu ofuna kuchititsiramo misonkhano. M'mawa wina ndinapeza akupaka utoto m'chipinda chija, pakhoma patangotsala msomali. Ndinathamangira kwa kapitawo. Anati zokongoletsa zonse zinakwera galimoto ndi katundu wa patarau wakale, ndipo kumene zinapita iye sakudziwa. Ndinakhala pansi pomwepo, utoto n'kundidetsa malaya.

Amalume anamwalira chilimwe chathachi. Kwathu mwamuna wa kudambwe akamwalira gule amabwera kudzamuperekeza, ndipo wosunga ngati iwo anayenera kuvinidwa mpaka fumbi kuphimba mudzi. Tinadikira. Amayi ankangoyang'ana njira yochokera kuthengo. Akuluakulu anakhala pansi pa mtengo, ena a iwo anthu amene amalume anawaphunzitsa ng'oma, ndipo palibe anadzuka. Ndinayenera kuimirira pamenepo n'kunena kuti wakuba ndine. Ndinaganiza za amayi, za ana anga, za zomwe amuna aja akanandichita. Kunena zoona, ndinaganiza kwambiri za ine mwini.

Tinanyamula bokosi mwakachetechete. Pobwera kumanda amayi anatsamira paphewa langa.

"Mlongo wanga wapita ngati mlendo m'mudzi mwake," anatero. "Amene anamuchita zimenezi, Chauta amuone. Ukumva, mwana wanga?"

"Ndamva, amayi."