Dzina la mnzanga mu logi

Makompyuta atafika pa ofesi yathu ku Domasi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mataipisiti tinalipo awiri, ine ndi mayi wina wa ku Songani amene ndinagwira naye ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Abwana sanatibisire: makinawo akadzazolowereka, adzatsala mmodzi. Ine ndinali ndi ana atatu, mnzangayo anayi. Ndiye mutha kuona mmene tinatcherera khutu kwa bambo wa ku Blantyre amene anabwera kudzatiphunzitsa.

Bambo ameneyo ankayankhula ngati minibasi ikumusiya. Netiweki, akuti ndi makompyuta olumikizana ndi nthambo. Seva ndi kompyuta yosunga za tonse. Modemu ndi kabokosi kolira ngati mphaka wopondedwa mchira kakamaimba foni. Kenako anatilozera kompyuta yakale pakona nati imeneyo ndi fayawolo, mlonda woima pakati pa ife ndi anthu akunja. Ili ndi makomo ambirimbiri otchedwa mapoti, onse otseka kupatula la makalata a ofesi. Chimene sichinaloledwe ndiye kuti n'choletsedwa. Ine zinandinyansa. Kwathu munthu akati odi umayamba wamupatsa mpando, zofunsa chimene wadzera zimabwera pambuyo.

Aliyense anamupatsa dzina lolowera ndi pasiwedi yake, n'kutilumbiritsa kuti tisauze munthu. Koma bamboyo asanafike n'komwe kumsewu, tinali titauzana kale. Munthu woti mumadyera chinangwa pa pepala limodzi, ungamubisire kamawu kamodzi? Si ufiti umenewo?

Tsiku lina masana anatulukira amalume anga pa njinga kuchokera kwa Malemia. Ndi amene anandilera bambo anga atamwalira. Mwana wawo anapita ku Joni, zaka ziwiri kuli zii. Munthu wina wobwera kumeneko anawapatsa kapepala kolembedwa adiresi ya pa intaneti, pamene akuti mwanayo anasiyapo uthenga. Ndinawafotokozera kuti khomo lopita kumeneko n'lotseka.

"Nanga kiyi ali ndi ndani?"

"Ali ndi ine, amalume."

"Ndiye chavuta n'chiyani, mwana wanga?"

Mnzanga anali atapita kukagula ndiwo. Ndinakhala pa fayawolo paja, ndi phuma ndinalakwitsa pasiwedi yanga katatu, makina n'kunditsekera kunja. Basi ndinalemba dzina la mnzangayo ndi pasiwedi yake. Posadziwa poti yeniyeni, ndinangotsegula onse. Tsamba la adiresi ija linabwera pang'onopang'ono, ndipo litakwanira munalibe kanthu, ngakhale moni. Amalume anapinda kapepala kaja n'kukaika m'chipewa, anandithokoza ndi m'manja, n'kutuluka akukankha njinga osaikwera. Ndi chisoni chimenecho ndinaiwala kutseka.

Patapita masabata atatu seva inayamba kuzengereza, makalata athu n'kumabwerera. Abwana anaitanitsa bambo wa ku Blantyre uja. Anapeza kuti anthu osadziwika akhala akulowa n'kumatumiza zinyalala zawo kudzera mwa ife. Kenako anasindikiza logi. Liwu limeneli ayenera kuti anatiphunzitsa ine ndikusinza. Ndi kaundula amene fayawolo imalembamo yemwe walowa, tsiku ndi ola, osadumpha kanthu. Anaika chala pa mzere umodzi. Panali dzina la mnzanga.

Mnzangayo anakana, analira, analumbira pali ana ake. Ine ndinali chiimire pafupi ndi kabati. Ndinkadziuza kuti ndiyankhula akangomaliza kulira. Atamaliza ndinati ndidikire kaye abwana afunse. Abwana anamufunsa ngati anauzapo munthu pasiwedi yake.

"Ayi bwana, sindinauze munthu."

Sanandiyang'ane n'komwe. Ine, wamantha ine, ndinakhala chete. Ndimachita nazo manyazi mpaka pano, ndipo palibe chimene ndinganene chondiyeretsa. Abwana anati nkhani ya amene atsale pa ntchito yadziweruza yokha.

Tsiku lake lomaliza mnzanga anapukuta tebulo lake, anakulunga kapu ndi supuni mu chitenje, n'kundipatsa kiyi wa kabati. Atafika pakhomo anatembenuka, nayankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Amalume anu aja ndinakumana nawo kumsewu tsiku lija, akukankha njinga. Mwana wawo uja anapezeka?"

Ndinati ayi, sanapezeke.

"Pepani," anatero, n'kumapita.