Satifiketi ya Mercy, Chitupa cha Esinati

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinakhala pa msika wa Bangwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kugulitsa malaya awiri okha a kaunjika. Nditafika kunyumba ndinawauza amayi kuti, "Ine basi, ndikukakwera." Mwana ndinawasiyira iwo, satifiketi yanga ya Fomu 4 ndinaiponya m'sutikesi mwawo, ine uyo ulendo.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakolopa m'nyumba za eni. Ndalama ndinkatumiza, sindinama, ndipo kanyumba ka malata tinamanga. Koma kusungulumwa kwake, abale inu! Lamlungu ndinkangobindikira m'kachipinda kanga, kumvetsera mavoisi a amayi mobwerezabwereza, mpaka ndinaloweza ndi pamene tambala wa aneba amalirira. Chinkanditsitsimula ndi amisiri oika masola padenga la abwana. Ndikawapatsa tiyi sindinkachoka, mafunso mbwee, mpaka mmodzi anandiuza kuti ndipite kusukulu ndisiye kuwasokoneza.

Nditabwerera, ndinamva chilengezo kutchalitchi choti pali bungwe lolipirira akuluakulu ofuna kubwerera kusukulu ya ntchito zamanja. Ankafuna satifiketi ya Fomu 4, chitupa cha unzika, ndi kalata yoti umakhaladi m'dera lino. Ndinati eya, zamagetsi zija zandipeza. Ndinatchena kajekete ka ku Joni n'kupita.

Mtsikana wa mu ofesimo anayang'ana mapepala, kenako anayang'ana ine.

"Mayi, chitupa chikuti Esinati, satifiketi ikuti Mercy. Mercyyo ali kuti?"

"Ndine ndemwe."

"Nanga Esinati?"

"Ndinenso."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Nkhani yake ndi yakuti nthawi yathu, ukapanda kusankhidwa kupita ku sekondale, unkabwereza Sitandade 8 ndi dzina lina, poti mbiri inali yoti obwereza sawasankha. Ine ndinalowa m'kalasimo ndili Esinati, ndinatuluka ndili Mercy. Chitupa ndi pasipoti ndinadzapangitsa ndi dzina la ubatizo, za Mercy osaziganizako n'komwe.

Atamaliza kuseka anandiuza mosabisa: "Pakufunika mboni yolumbira kuti awiriwa ndi munthu mmodzi. Apo ayi thandizo palibe, ndipo tikutseka Lachisanu."

Ndinachita mantha, chifukwa popanda sukuluyo kunali kubwerera kukakolopa. Nanga akanandilumbirira ndani, munthu wosowa zaka zonsezi, wosaoneka ngakhale pamaliro?

Amayi anangoitchula nkhaniyi pampopi potunga madzi, basi. Pofika Lachinayi inali itadutsa Limbe, itafika ku Chilomoni kwa aNyaGondwe, aphunzitsi anga a Sitandade 8 amene anapuma ntchito kalekale. Ine osadziwa kanthu.

Lachisanu m'mawa ndinapita ku ofesi kuja kukangopempha kuti andidikireko. Ndikuti ndilowe, pabenchi pali aNyaGondwe ndi ndodo yawo, kaundula wakale wachikasu ali pamiyendo. Pambali pawo pali amayi ena amene anandinyamula paubatizo, mnzanga wa m'kalasi wogulitsa tomato, ndi azimayi ena atatu a pampopi, onse atavala za kutchalitchi.

"Aa, tinati mboni imodzi!" anatero mtsikana uja.

"Ine ndabwerera Mercy, dzinalo ndinam'patsa ndine," anayankha aNyaGondwe. "Enawa abwerera Esinati. Inu tiuzeni kolumbirira, tisachedwe."

Tinayenda chigulugulu kukalumbira, ngati operekeza mkwatibwi, aphunzitsi akundikalipira njira yonse kuti ndanenepa koma masamu ayenera kuti anathawa.

Lero ndili m'kalasi ndi ovololo yanga, anzanga amanditcha anti, ndipo waya ndimalumikiza bwino kuposa onsewo. Koma tsiku lija ndikalikumbuka ndimaseka, manyazi akundigwira. Anthu onse aja anadzilipirira okha minibasi kudzandilumbirira, pamene zaka zisanu ndi ziwiri zonse palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamutumizirako ngakhale moni.