Supuni Imodzi ya Shuga

A Kalilu anali telala wa pa Kanyenda, munthu wanthabwala, woti akakusokera diresi lothina ankati wanenepa ndiwe. Anadula nzimbe ku Dwangwa zaka khumi ndi ziwiri asanagule makina osokera, ndiye atawapeza ndi matenda a shuga ankaseka kuti nzimbe zawalondola kudzabwezera.

Ine Esitere ndi amene ndinawakokera ku gulu lathu la odwala shuga, lomwe limakumana Lachinayi pakhonde la chipatala chathu chaching'ono. Ndine wapampando, ndipo pakamwa pangapa sipatsekeka. Sabata iliyonse ndinkalalata zomwezomwezo: shuga ndi poizoni, tiyi wotsekemera ayi, zakumwa za m'botolo ayi. A Kalilu ankangogwedeza mutu, koma akazi awo, mayi Fauzia, ankazigwira ngati mawu a shehe. Anachotsa shuga yense m'nyumba, ngakhale wa alendo.

Ramazani itafika, anamwino anauza a Kalilu kuti asafunge, ndiye kuti asasale kudya. Shehe nawonso anati wodwala amaloledwa kudya. A Kalilu anakanitsitsa, ati chiyambire unyamata sanadumphepo tsiku. Ndinawakalipira mpaka kutopa. Ankamwa mapiritsi awo pa daku, chakudya cha m'bandakucha chija, basi tsiku lonse osalawa kanthu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, anayamba kunjenjemera ali pa makina, thukuta lili kamukamu, akuyankhula zosamveka. Shuga wa m'thupi anali atatsika kwambiri. Mayi wina woyandikana nawo anathamanga ndi kapu ya madzi a shuga. Mayi Fauzia anaima pakhomo n'kumubweza, ati mukufuna kundiphera mwamuna. Njinga yamoto inachedwa kupezeka, ndipo pofika kuchipatala a Kalilu anali atakomoka kalekale.

Anatsitsimuka patapita masiku anayi, koma si a Kalilu aja. Amangokhala pamkeka, ulusi sangaulowetse m'singano, dzina la akazi awo limawasowa.

Zoti shuga akatsika munthu amafunika shuga yemweyo ndinkazidziwa bwinobwino. Ineyo ndimayenda ndi maswiti m'chikwama. Kungoti sindinazikuwepo ngati mmene ndinkakuwira zinazo. Zimandiwawa koopsa, ndipo palibe chomwe ndingakonze.

Lachinayi lapitali mayi Fauzia anabwera okha, atanyamula kabuku ka kuchipatala ka amuna awo. Anadikira kuti anthu onse achoke.

"Mayi Esitere," anatero motsitsa mawu, "anamwino akuti supuni imodzi yokha ikanawadzutsa. N'zoona?"

Ndinayang'ana pansi. Anandifunsanso kachiwiri.