Anatibisa kuseri kwa chipatala tsiku la alendo

Mwana wanga Asiyatu anafera kuseri kwa chipatala chathu chaching'ono, pansi pa mtengo wa mango, inu alendo ochokera ku boma muli m'kati kuyendera. Ndikulembera inuyo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma zimene ndinaona ndizinena monga zinachitikira.

Linali Lachitatu. Mwanayo, wa zaka zitatu, anali atatentha thupi masiku awiri. Ndinanyamuka kwathu kwa Mwadzama nditangoswali, pemphero lathu la m'mawa, ndili naye kumbuyo. Ndinafika 7 koloko isanakwane, wotchi ya pakhonde ndinaiona. Pachipata anandifunsa khadi la chipani. Ndinaonetsa. Za mwana sanafunse.

Ndinapeza onse ali kalikiliki. Mlonda akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Anamwino akukolopa. Pa mabedi anayi a m'chipatalamo atayala nsalu zoyera zimene ndinali ndisanazionepo. Ndinauza anamwino kuti mwana wayamba kukomoka. Anati lero kukubwera alendo, ndidikire, ndipo ndisaponde pamene akolopa.

Itakwana 8 koloko adokotala anatuluka n'kuyamba kutisankha ngati nsomba pamsika. Amayi a ana onenepa anawakhazika pa benchi kutsogolo, makadi a sikelo ali m'manja. Ife a ana ofooka tinalipo asanu ndi mmodzi. Anati tipite kuseri.

Ndinati, "Adokotala, taonani maso akewa."

Anati, "Mayi, alendo akangopita ndiyamba ndi inu. Mukufuna mutichititse manyazi?"

Ndinapita. Ichi ndicho chimandidya mpaka lero. Ndinaopa kuti ndikakweza mawu anena kuti ndikunyoza boma, ndipo tonse tikudziwa kumene amapita onyoza boma.

Galimoto yanu inafika 10 koloko itapitirira. Kuseriko tinkamva zonse. Amayi a pa benchi anakuimbirani nyimbo. Munaona chimbudzi. Munawerenga mabotolo m'kabati ya mankhwala. Munamwa tiyi. Mayi wina wa ku Bua amene ndinakhala naye pafupi anati, "Anzanga, mwanayu akupita, kagogodeni pawindo." Ndinaimirira. Mlonda ananditchingira, n'kunena kuti abwana alamula.

Asiyatu anakomoka kawiri. Kachitatu sanadzukenso.

Galimoto yanu inatuluka 12 koloko. Adokotala anabweradi, jekeseni ili m'manja. Anamugwira pakhosi n'kunena kuti ndinachedwa naye kunyumba. Ndinachedwa ine? Ine amene ndinafika dzuwa lisanatenthe, n'kukhala maola asanu pakhoma pawo?

Ndinamubereka monga ndinabwera naye. Tinamuika tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chathu.

Patapita mwezi, kumsonkhano anatiuza kuti chipatala chathu chapambana zonse za kuno pa ukhondo ndi kasamalidwe ka odwala. Anati m'buku la chipatalacho mulibe imfa ya mwana. N'zoona. Asiyatu sanalembedwe m'buku chifukwa sanalowe pakhomo. Anthu anaomba m'manja. Ine manja anga anali pamiyendo.

Tsono ndikufunseni. Munabwera kudzayeza chiyani? Simunadabwe kuti m'dzinja, udzudzu uli ponseponse, pachipatala pali ana onenepa okhaokha? Mutaona mabedi opanda munthu munati tonse tachira? Kuzungulira nyumba ya zipinda zitatu kukanakutengerani nthawi yaitali bwanji?

Sindikupempha kuti adokotala achotsedwe. Masiku ena amatithandiza, ndipo akachoka titsala opanda aliyense. Iwo amaopa inu monga ife timaopera iwo. Ndikufuna mulembe dzina la Asiyatu m'buku la tsiku limenelo, ndi ola limene ndinafika naye. Ndipo mukadzabweranso musadzatumize kalata. Mudzangofika tsiku wamba, mudzatipeze monga tilili.

Ndiyankheni msanga. Ndili ndi pakati, ndipo chipatala china chapafupi kulibe.