Moni wa a Anselmo pa chimangirizo

M'midzi ya kufupi ndi Kasina, mnyamata akafuna kukwatira, amalume ake ankayamba apita kwa a Anselmo kukawapempha kuti akawalankhulire kuchikazi. A Anselmo anali ndi pakamwa pofewa. Akafika ankavula chipewa, kukhala pansi, n'kufunsa za mvula, za chimanga, za mwendo wa agogo umene unatupa chaka chatha. Pofika ponena kuti tambala wawo waona msoti pakhomopo, eni mwana ankakhala atafewa kale ngati mapichesi akupsa, ndipo kukana kunkawavuta.

Koma unkhoswe sunali wowadyetsa. Ntchito yawo inali kuphunzitsa Sitandade 2 pa kasukulu ka m'mudzi, pamene anawalemba kalekale chifukwa cholemba mokongola pa bolodi. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, oyang'anira sukuluyo anawaitana n'kuwauza mosabisa kuti akapanda kupeza satifiketi ya JC, choko adzachisiyira mnyamata wochokera ku koleji. A Anselmo sanatekeseke. Analembetsa maphunziro a pa makalata, n'kuuza akazi awo a Anastazia kuti ngati pali phunziro limene sadzataya nalo nthawi, ndi Chichewa.

Chichewacho n'chimene chinawagwetsa. Masamu ankakhoza, mbiri ankailoweza, koma chimangirizo chilichonse chinkabwerera chili psuu ndi inki yofiira. Mutu wina unali wofunsa ngati alimi a kumapiri ayenera kudalira kachewere kapena chimanga. A Anselmo anayamba ndi kupereka moni kwa olemekezeka amene awerenge pepalalo, n'kukhulupirira kuti kunyumba awasiya onse ali bwino. Kenaka anasimba za dimba la atate awo, za chisanu chimene chinawaula nyemba iwo ali mwana, za ubwino wa ulimi kwa munthu aliyense. Pamene ankati tsopano anene maganizo awo, nthawi imene anapatsidwa inali itatha. Wochonga analemba funso limodzi m'munsi: mfundo yanu ndi iti?

A Anastazia atamva, anafunsa ngati bwana wochongayo wayankhako za kunyumba kwake. A Anselmo sanaseke. Kwa iwo, kuyamba ndi mfundo kunali kwa mwana wosaleredwa, wolowa m'nyumba ya eni osaodira. Komanso zaka zimenezo zinali za chipani chimodzi, pamene munthu wanzeru ankayamba wazungulira kuti aone kaye amene akumvetsera. Kuzungulira kunali kutawasunga moyo wawo wonse. Tsopano kunali pafupi kuwachotsa ntchito.

Patchuthi kunabwera Magadalena, mtsikana amene iwo anamuphunzitsa kugwira pensulo, amene tsopano ankaphunzira ku koleji ku Zomba. Potuluka m'tchalitchi Lamulungu, a Anselmo anamupatira pepala lija kuti akalione. Tchuthi chonse chinatha Magadalena osanena kanthu. Akakumana panjira ankagwada, kupereka moni, n'kuthawitsa maso. Mayeso anali akuyandikira. Choncho tsiku lobwerera kusukulu, a Anselmo anadzipereka kumunyamulira sutikesi pa njinga mpaka pa Chimbiya, pokwerera basi.

Kunali nkhungu yozizira yolowa m'mafupa. Amayi anali atayala milu ya kachewere, tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu, ndipo anyamata a chipani ankayendayenda kufunsa makadi. A Anselmo anaimika njinga, n'kufunsa za pepala lawo.

Magadalena anapinda manja. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha sutikesi. Anakumbutsa za sileti yake yoyamba, imene inasweka iwo n'kumupatsa ina. Anayamikira zilembo zawo, kuti ku Zomba konse sanaone munthu wolemba "g" wokongola chotero. Anafunsa ngati chifuwa cha amayi kunyumba chinaleka. A Anselmo ankangogwedeza mutu, koma khutu lawo linali kumsewu, pakuti basi inali itayamba kumveka. Inatulukira m'nkhungu, ogulitsa n'kuithamangira ndi mabeseni pamutu. Magadalena anali akadali pa nkhani ya tsiku limene analakwitsa kuwerenga iwo osamukwapula.

"Iwe Magadalena, basi ndi imeneyi," anatero a Anselmo. "Za sileti tidzakamba pa Khirisimasi. Tanena, cholakwika n'chiyani?"

Mtsikanayo anawayang'ana kumaso koyamba tchuthi chonsecho.

"N'chimenechi, aphunzitsi. Wochonga mayeso nayenso basi yake imakhala itafika."

Zotsalazo ananenera pawindo, kondakitala akukweza matumba pamwamba. Anati ndime yoyamba iyankhe funso, kachewere kapena chimanga, osabisa. Chifukwa chilichonse chikhale ndi ndime yakeyake ndi chitsanzo chake. Amene angatsutse apatsidwenso ndime, ayankhidwe. Pomaliza abwerere ku yankho lija, osatola nkhani yatsopano.

"Nanga moni?" anafunsa a Anselmo, akuyenda m'mbali mwa basi.

"Musunge wa ine, aphunzitsi."

A Anselmo anatsala ataima ndi njinga yawo. Mtima umene unawapsa mphindi zapitazo ndi umene unkamupsa munthu wa inki yofiira uja. Ngati Magadalena anachita dala, iwo sanadziwe mpaka kukalamba. Mwini wake ankati anali mantha chabe.

Kuyambira pamenepo, asanalembe chimangirizo ankayamba ayala mfundo zawo pambali, monga amayi a pa Chimbiya aja, tomato payekha, kabichi payekha, wooneka bwino kutsogolo. Anaona kuti dimba la atate awo silinali lotaya ayi, linangosowa malo ake. Analiika m'ndime yonena za madzi, n'kukhala chitsanzo chabwino. Chisanu chija chinapita m'ndime ya otsutsa. Za ubwino wa ulimi kwa munthu aliyense anazitaya ndithu, ngakhale zinali ziganizo zimene ankazikonda kwambiri. Inki yofiira inayamba kuchepa.

Chimene chinkawawawa chinali moni. Dzanja linkaufuna lokha. A Anastazia ndiwo anafunsa ngati lamulo la mayeso limaletsanso pakamwa.

Tsiku la mayeso anakhala pakati pa ana a msinkhu wa mwana wawo Stefano, mawondo akugunda desiki. Atatembenuza pepala, anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono, n'kunong'ona kuti zikomo akuluakulu, tabwera ndi mtendere. Woyang'anira mayeso anawacheukira, koma anaona ngati bamboyo akupemphera. Kenaka a Anselmo anagwira cholembera, n'kuyankha funso m'chiganizo choyamba chenicheni. Anamaliza nthawi ikadalipo, mpaka anawerenganso.

Zotsatira zitatuluka, dzina lawo linalipo, ndipo Chichewa ndi chimene anakhoza koposa. Choko sanachisiyire munthu. Anaphunzitsa pa kasukulu komweko mpaka kupuma, ndipo m'kati mwa zakazo anawapatsa makalasi aakulu, kumene ana amayamba kulemba zimangirizo.

Kamodzi kokha anasokoneza njira ziwirizi. Chaka cha satifiketicho, akunyadirabe luso latsopanolo, anapita kukafunsira mnyamata wina mbeta ku Kabwazi. Asanakhazikike n'komwe anati abwera kudzapempha Jesinta, ndipo zifukwa zake zilipo zitatu. Amalume a mtsikanayo anayang'ana kumbali, n'kufunsa mkazi wawo ngati pakhomopo pafika apolisi. Sabata yotsatira a Anselmo anabwereranso, chipewa m'manja, n'kuyambira pa mvula. Ukwatiwo unatheka.

Amene anaphunzira kwa iwo, ena mwa iwo akugulitsa pa Chimbiya lero, amakumbukira phunziro la chimangirizo. Aphunzitsi ankalowa, kufunsa mwana aliyense za kwawo, za mbuzi imene inasowa, za mlongo wake wodwala, osafulumira. Akatha onse, ankatembenukira ku bolodi n'kunena kuti moni tathana nawo pakamwa, tsopano pa pepala tiyambe ndi yankho.