Kalata Imene Ndinaibisa m'Sutikesi

Ndinanyamuka ku Chilomoni Lachiwiri m'mawa mvula ikuwaza, m'chikwama muli chitenje chosinthira, khadi la chipani, ndi kalata yomwe sinali yanga. Ndineneretu, kwa Mlolo sindinapite chifukwa cha chifundo. Ndinapita kukaona nkhope ya mkazi amene mwamuna wanga anamugulira wotchi.

Bambo a Limbani ankagwira ntchito ya zanyengo. Ankatsogolera kagulu kofufuza njira yodziwiratu mvula ya chaka dzinja lisanafike. Ankati mvula yathuyi imaphikidwa kutali, kunyanja ya mchere, ndipo madzi a kumeneko akatentha kwambiri anthu a kuchigwa ayenera kugona maso. M'midzi ya m'mbali mwa Shire anali ndi anthu owerenga madzi pa thabwa la manambala lozikidwa mumtsinje, n'kumawatumizira kalata mwezi ndi mwezi. Mmodzi wa anthuwo anali Mai Rozina a kwa Mlolo. Zaka zisanu ndi zinayi m'banja, ine sindinatamidwepo monga ankatamidwira manambala a mayi ameneyo. Tikudya, mumve: "Rozina sajomba." Kenaka tsiku lina ndinapeza wotchi yachikazi m'thumba la jekete yawo. Ndinasangalala sabata yathunthu, ndikudikira kupatsidwa. Atabwerako kuchigwa wotchi ija panalibe.

Ndiye pamene ankathamangira ndege kupita kumsonkhano wa masabata atatu kunja, anandisiyira envulopu. "Uponye lero lomwe, amake Limbani, ndi yofulumira." Ndinaiika pamlomo pa ketulo mpaka inamatuka yokha. Munali mawu akuti chaka chino asadikire kuti madzi afike pa mzere wofiira wa pathabwa lija. Asamutsiretu nkhokwe ndi mbuzi kumtunda ngolo zikadali kudutsa. Zonsezo ndinangowerenga modumphadumpha. Maso anga anakakamira pa mzere wotsiriza: "Kodi wotchi ikuyenda bwino?" Ndinaimatanso ndi phala, n'kuiponya pansi pa sutikesi, ndipo inagona mmenemo masiku khumi ndi awiri.

Pa depoti anyamata a chipani anali ataima pakhomo la basi, aliyense wokwera aonetse khadi. Ndinaonetsa langa, ndinalipira makwacha anayi a ku Bangula, n'kukhala pawindo. Ndinali nditavala diresi langa la kutchalitchi ndi nsapato zazitali kuchidendene, milomo nditapaka. Pambali panga panakhala mayi wina wogulitsa nsomba zouma, wobwerera kwawo ndi madengu opanda kanthu koma fungo lonse lilimo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwezi uno anthu akukwera, inu mukutsika. Kuli maliro?"

"Ayi, kuli m'bale wanga."

"Ii, m'bale wopakira milomo ameneyo ngwa mwayi," anatero, n'kuyamba kusenda nthochi.

Basi inatsika phiri mokhotakhota, mabuleki akulira ngati nkhumba yomangidwa, aliyense atagwira mpando wa kutsogolo. Titatulukira m'nkhungu, chigwa chonse chinaonekera pansipo, Shire ali ng'aning'ani, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo. Pofika pa Thabwa thukuta linali litasungunula zopakapaka zanga zonse. Koma mtima unakhala pansi. Ndinati, onani, kuno kulibe mvula. Kalatayi ndi chonamizira chabe chofunsira wotchi. Ndinalankhula mokweza kuti kunja kwacha bwino.

Mayi wa nsomba uja anaseka. "Inu a kumtunda mumayang'ana kumwamba. Madzi a kwathu sabwera ndi mitambo, amabwera dzuwa likuswa mtengo. Mvula mwaisiya ku Blantyre ija ikutilondola pambuyo."

Anandipatsa nthochi, ine ndinangoifumbata n'kuyang'ana pawindo.

Tinawoloka mlatho, tinaima pa Chikwawa cha m'ma naini, apolisi anatitsitsa tonse kufunafuna amene alowa kuchokera ku Mozambique opanda mapepala. Kenaka minda ya nzimbe ya ku Nchalo, yosatha, yobiriwira mpaka kutopetsa maso. Pa Ngabu ndinamwa tiyi wotsekemera ngati manyuchi ndi sikono ya dzana. Pa Bangula tinafika wani koloko itadutsa. Ndinadya mlamba wokazinga ndi mbatata pansi pa mtengo, ntchentche zikudya nane, n'kupeza ngolo ya ng'ombe yopita ku Makhanga pa matambala makumi atatu.

Pa mlatho wa Chiromo, pomwe sitima, ngolo ndi anthu amadutsa njira imodzi, ndinasuzumira pansi. Namasupuni woyandama pamadzi sankatsika. Ankazungulira pamodzimodzi, wina n'kumakwerera kumtunda pang'onopang'ono. Mwini ngolo anati Ruo wadzadza, akukankha Shire kuti abwerere. Mawu omwewo ndinali nditawamva patebulo la kwathu kangapo konse, ine ndikuganiza za mtengo wa sopo.

Kupitirira Makhanga pang'ono ngolo inaima, chifukwa msewu unangolowa m'madzi osatulukanso. Ndinatsika, nsapato imodzi inamira m'matope mpaka lero. Panali bambo wina wamtali ndi bwato lake, amene kumeneko amati mwadiya. Ndinamufunsa ngati akuwadziwa Mai Rozina owerenga madzi.

"Ndilekerenji kumudziwa? Ndinamulowola ndine. Ndine Zuze. Kwerani, mukhale pansi penipeni, musagwedezeke."

Tinadutsa pamwamba pa minda, ngayaye za chimanga zikukhula m'mbali mwa bwato. Sindinachite kumufunsa zambiri. Munthuyo anali atadzadza kale.

"Eyiti koloko, phala lili pamoto, iye uyo kumtsinje. Faifi koloko, uyo kumtsinje. Kale tinkayang'ana dzuwa, tsopano m'nyumba mwanga mukulamula kachitsulo. Inu mayi, mwamuna wa eni ake kugulira mkazi wanga wotchi, ine ndili moyo? Akuti ndi ya ntchito. Ntchito yanji yomwetulira polemba kalata?"

Kunena zoona ndinamukonda bambo ameneyo. Ulendo wonse ndinali ndisanapeze munthu wanzeru ngati iye.

"Amene ndimamumvera chisoni ndi mkazi wa bwanayo," anapitiriza. "Kaya ndi wogona tulo totani."

"Ndine," ndinatero.

Zuze anatsokomola, nayamba kulankhula za madzi. Anati bwanayo atabwera mu Okutobala anawauza kuti akaona zachilendo m'manambala ake adzalemba, ndipo ngati salemba achite monga mwa zaka zonse, adikire mzere wofiira. Kalata sinabwere, ndiye Rozina anauza nyumba zonse khumi za pachilumba chimene amakhala kuti palibe chothamangira. Ngolo zinasiya kudutsa kupita pachilumbapo Lachinayi lapitalo. Ndinawerenga masiku ndi zala mobisa. Ndikanaponya tsiku lomwelo, kalata ikanafika ngolo zikadali ndi masiku angapo.

Tinamupeza ali m'madzi olekeza m'ntchafu, pafupi ndi thabwa la manambala, kope lili pamutu lomangidwa ndi duku. Wotchi ija inali pakhosi, pa chingwe, kuti isanyowe. Ndikanakonda kukuuzani kuti anali nkhalamba yopanda mano. Ayi ndithu. Anali wokongola, wa khosi lalitali ndi mano oyera, ndipo ine ndinaima patsogolo pake ndi nsapato imodzi. Anayang'ana wotchi, anayang'ana thabwa, analemba, kenaka m'pamene anatiyang'ana ife. Mzere wofiira unali utatsala chikhatho chimodzi ndi theka.

Atamva kuti ndine yani anagwada m'matope momwemo. "Takhuta, mayi, zikomo kwambiri. Mpaka kudzivutitsa nokha?" Anatsegula envulopu, ndipo phala langa lija linagwa ngati nkhanambo. Anawerenga. Anabwerera pamwamba pomwe panali tsiku. Anatembenuza envulopu yopanda sitampa. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

"Baba, itanani anthu. Tiyambe lero."

"Nkhabe, sizitheka!" anakuwa Zuze. "Madzi sanafike pofiira. Ine kusiya mudzi wa bambo anga chifukwa cha pepala la bwana wako wa mawotchi? Mapira tiwanyamula bwanji, pa mwadiya? Matumba awiriawiri? Bwanji sanalembe ngolo zikuyenda, ngati ndi wanzeru?"

Anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo ambiri ankagwedeza mitu kuvomereza Zuze. Rozina akanatha kundiloza ndi chala. Sanatero, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavula nsapato yotsala ija.

"Bambo Zuze, mwamuna ameneyo sabata ino ndakwiya naye kuposa inu. Amaiwala mchere ndikamutuma, amaiwala kuti mwana wake ali sitandade yanji. Koma pa nkhani ya madzi sindinamumvepo akunama. Analemba ngolo zikuyenda. Kalata ndinaibisa ndine, chifukwa cha wotchi yomweyo imene ikukusowetsani tulo inuyo."

Mayi wina kumbuyo anati modabwa, "Mwanadi!" n'kuwomba m'manja kamodzi. Zuze anandiyang'anitsitsa, kenaka analavula pambali, natola nkhafi yake. "Tiyambire nyumba iti?"

Tinasamutsa madzulo amenewo, Lachitatu lonse, mpaka Lachinayi m'mawa. Mabwato analipo atatu okha. Ulendo umodzi wopita kumtunda ndi kubwerera unkadya maola awiri. Ndinasenza malichero a mapira pamutu, wopanda nsapato, diresi la kutchalitchi litasanduka chiguduli. Ndinagwira mbuzi miyendo m'bwato ikundikodzera. Palibe amene anandinyoza, komanso palibe amene ankandilankhula kupatula kunena kuti "landirani" ndi "tulani apo." Rozina anakana kuti nkhokwe yake ikhudzidwe zina zisanathe. Anati amene anauza anthu kuti adikire ndi iye. Koma eyiti koloko ikakwana ankasiya zonse, uyo kuthabwa, ndipo Zuze ankangoyang'ana kumbali.

Lachinayi dzuwa lili pamutu, kumwamba kuli mbee, madzi anadumpha mzere wofiira n'kulowa m'mudzi mwakachetechete, ngati mlendo wodziwa njira. Nkhokwe zisanu ndi zinayi tinali titazikokolola. Yakhumi tinaionera patali tili m'bwato. Inapendekeka pang'onopang'ono, denga lake linavuka, mapira a Rozina a chaka chonse anamwazika pamadzi. Mwana wake wamkazi amene anali pamiyendo panga anafunsa kuti tsopano adzadya chiyani. Madzi akatayika saoleka, koma amene anataya ndinali ine, ndipo ndinali nditakhala pomwepo ndi manja anga awiri.

Lachisanu ndinakwera sitima ya ku Limbe pa Makhanga, nditavala patapata za Rozina. Anandiperekeza yekha mpaka pasiteshoni. Sitima itayamba kulira anatulutsa envulopu m'kope lake.

"Iyi mukawapatse abwana. Sindinamate, mayi. Muwerengeretu m'njira, kuti ifike msanga."

Ananena mwaulemu, atapinda maondo, ndipo ndikanakonda akananditukwana. Ndinapirira mpaka pa Sankhulani, kenaka ndinaitsegula. Munali manambala a m'mawa ndi madzulo, osadumpha ngakhale tsiku limene nkhokwe yake inapita. Pansi pake analemba kuti, "Kalata yanu inafika. Anthu onse ali moyo. Amayi anatithandiza kwambiri." Za tsiku limene inafikira, kapena za mapira, panalibe.

Nsanje sinandithere pa ulendo umenewo, ndisakunamizeni. Inangosintha malo. Ndinapita ndikuganiza kuti mayiyo wandilanda mwamuna, ndinabwerera ndikumusirira chinthu china: iye akapatsidwa kanthu kuti asunge, anthu ankatha kugona. Bambo a Limbani atabwera ndinawapatsa kalatayo pakhomo asanatule sutikesi, ndipo zomwe Rozina anasiya osalemba ndinawauza ndekha. Sanakalipe. Anakhala pampando, n'kufunsa kuti m'nyumba mwa Zuze muli ana angati.

Chaka chotsatira anandigulira wotchi, yokongola kuposa ija. Ndimaivala kutchalitchi kokha. Masiku ena onse imakhala m'sutikesi momwe munagona kalata muja, chifukwa ikaloza eyiti koloko sindiona nthawi, ndimaona nkhokwe ikupendekeka.