Nsungu za Asiyatu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, omwe anali mlonda pa kachipatala kena kuseri kwa Milepa. Atamva kuti kukufunika mtsikana wodziwa kulemba makhadi ndi kutsuka mabala, ananditengera kumeneko ndi satifiketi yanga ya Sitandade 8. Munali m'zaka za m'ma 1980, ine ndisanaonepo bala loposa la khasu.

Othandiza odwala pachipatalapo tinalipo awiri, ine ndi a Makwinja, omwe aliyense ankawatcha adokotala. Anandiphunzitsa kuwiritsa sizasi ndi zopanira mumphika, kutsuka bala ndi madzi amchere kuchokera pakati kupita m'mbali, ndi kupaka mankhwala oyera ngati mkaka a mphere kuyambira m'khosi kutsika. Ndinkagona ndekha m'kachipinda kosungira makatoni. Anthu ankandipatsa ulemu wochuluka moti ndinalibe mnzanga ngakhale mmodzi.

Mwezi wa Okutobala a Makwinja anaitanidwa kumaphunziro ku Blantyre kwa milungu itatu. Pokwera njinga anandiuza kuti, "Chilichonse chapakhungu ndi mphere mpaka nditabwera. Osatseka chitseko."

Mawa lake kunabwera Abiti Saidi ndi mwana wawo Asiyatu, wa zaka zisanu. Amuna awo anali ku esiteti ya tiyi, iwo akulima okha. Mwanayo anali ndi nsungu zofiira m'khosi ndi kuseri kwa manja. Ndinalemba kuti mphere, ndinamupaka, ndipo modzimva udokotala ndinawauza kuti zofunda aziyanika padzuwa, mwananso aziwothera dzuwa kuti nsungu ziume. Mayiwo anamvera zonse, mwinanso kupitirira.

Patatha sabata khungu linali litada. Ndinapakanso. Sabata yachiwiri linayamba kung'aluka, ndiye ndinapaka mankhwala a buluu a zilonda mpaka mwana anaoneka ngati wagwera mu inki. Mantha ndinali nawo, koma woti ndimuuze panalibe. Ndinkavundukula buku la a Makwinja, koma Chingelezi chake chinkandisiya panjira.

Tsiku lovuta linali Lachinayi. Abiti Saidi anafika m'mawa mwana ali kumsana, akutsegula m'mimba, m'kamwa muli zilonda, maso akungoyang'ana kumodzi. Sanandikalipire. Anangondifunsa chapansipansi kuti, "Anamwino, lero tipaka ati?"

M'kabati munalibenso botolo loti ndiyese. Ndinatseka chitseko chomwe anandiletsa chija, kiyi n'kuika m'thumba. Tinayenda wapansi mpaka kumsewu, tikulandizana mwana. Galimoto ya fodya ndi yomwe inatifikitsa kuchipatala cha ku boma.

Kumeneko namwino wina wachikulire sanagwire botolo lililonse. Anangokweza kolala ya diresi la mwanayo. Pansi pake khungu linali losalala bwinobwino, nsungu zinathera pomwe panathera nsalu. Anandifunsa ngati ndinaonapo mphere zolemekeza diresi, komanso ngati mwanayo amadzikanda. Sankadzikanda, ndipo ine sindinafunsepo.

Kenako anafunsa mayiwo zomwe amadya kunyumba. Nandolo yense anali atamugulitsa kwa ogula ochokera ku Limbe, mtedza sunabereke, ndiye kwa miyezi ankadya nsima ya ufa woyera ndi masamba owuma basi. Namwinoyo anati ndi nthenda yosowa zakudya m'thupi, yomwe imatulukira pakhungu pomwe pamawomba dzuwa. Ine ndinakumbukira malangizo anga owothera dzuwa aja.

Asiyatu anagonekedwa, anapatsidwa mapiritsi, mkaka ndi phala la nsinjiro, ndipo anachira. Chipsera cha m'khosi chokha chinatsala ngati mkanda. A Makwinja atabwera anandikalipira za chitseko, za mwanayo sanatchule.

Patapita mwezi Abiti Saidi anandibweretsera mazira atatu, n'kunena kuti ndinayesetsa. Bola akananditukwana, chifukwa mawu amenewo anandipweteka kwambiri. Mazirawo ndinawaphika n'kupatsa Asiyatu pakhonde pomwepo, pamthunzi.

Ndinagwira ntchito ya chipatala mpaka kupuma, ndipo sindinatsegulenso botolo ndisanakweze kolala ya mwana ndi kufunsa mayi ake zomwe anadya dzulo.